Guglielmo Marconi ndi nkhondo yake yolimbana ndi waya

Anzanga amene mwaima pabolodi pano, mapepala awa ndi angapo, ndiye ngati belu lili pafupi kulira pitani kaye m'kalasi, mudzamalize pa buleki. Chonde musang'ambe m'makona kuti mulembepo manambala a foni ngati mmene munachitira ndi ndakatulo ya mwezi watha.

Nkhaniyi yayamba ndi makompyuta khumi aja amene anafika teremu yatha. Nonse mukudziwa kuti mpaka lero sanalumikizidwe, iliyonse ili payokhapayokha ngati anthu okwiyirana pamaliro. Ku kalabu yathu tinagawikana pawiri. Ena amati tigule nthambo, tizikhomerere m'makoma, kompyuta iliyonse ikhale ndi waya wake. Ena, ndipo wolongolola kwambiri ndinali ine, timati mawaya ndi zachikale, tingogula rauta imodzi ya Wi-Fi basi zatha. Vuto ndi loti ndalama zimene komiti ya makolo yalonjeza ndi zochepa, tikagula zolakwika palibe kobwerera. Tsiku limenelo ndinalankhula mpaka kukhosi kuuma. Aphunzitsi athu a Physics anangondifunsa ngati ndikumudziwa munthu amene anayambitsa mkangano wa waya ndi wopanda waya. Ndinavomera kuti sindikumudziwa. Anandibwereka buku lina lothothoka chikuto, nandiuza kuti ndikawerenge kaye, kenako ndidzalembe pabolodi zimene ndapeza. Ndiye ndi izi.

Munthuyo ndi Guglielmo Marconi. Anabadwa pa 25 Epulo 1874 mumzinda wa Bologna ku Italy. Dzinalo musavutike nalo, ine ndinayesera sabata yathunthu koma lilime likukanabe. Bambo ake, a Giuseppe, anali mwini minda wolemera ndithu. Mayi ake, a Annie Jameson, anali a ku Ireland, ochokera ku banja lotchuka ndi kutcheza wisiki. Izi ndazinena dala, chifukwa poyamba ndinkaganiza kuti ndipeza nkhani ya mwana wosauka amene anatola zitsulo kudzala. Ayi ndithu. Mnyamatayu anali ndi chakudya, mabuku, antchito, ndiponso zilankhulo ziwiri, Chitaliyana ndi Chingerezi, ndipo Chingerezicho chinadzamutsegulira zitseko patsogolo.

Sukulu yokha sinamuyendere mwadongosolo. Nthawi zambiri ankaphunzitsidwa kunyumba, ndipo digiri ya kuyunivesite sanakhale nayo. Mwayi wake unali woti mphunzitsi wamkulu wa sayansi pa yunivesite ya Bologna, Augusto Righi, ankadziwana ndi banja lawo, ndipo ankamulola kumvera nawo maphunziro ndi kuwerenga mabuku. Mu 1894 kunamwalira Heinrich Hertz, Mjeremani amene anasonyeza kuti moto wamagetsi ukathetheka pakati pa tizitsulo tiwiri, umatulutsa mafunde osaoneka amene amayenda mumlengalenga. A Fomu 4 dzinali mukulidziwa, ndi lomwe lija timalemba kuti Hz. Akatswiri ambiri ankawaona mafundewa ngati nkhani ya mu labu. Marconi, ali ndi zaka 20, anawerenga za iwo n'kudzifunsa kuti kodi sangatumizire uthenga?

Kunyumba yawo yakumudzi, Villa Griffone ku Pontecchio, kunali chipinda cham'mwamba momwe kale ankawetera mbozi zopanga ulusi wa silika. Anadzitsekera mmenemo. Mbali ina ya chipinda anaika makina othethetsa moto. Mbali inayo anaika kachubu kagalasi kokhala ndi tizidutswa tachitsulo, kamene kamalola magetsi kudutsa mafunde akakagunda. Kachubuko sanakatulukire ndi iye, anakapeza katapangidwa kale ndi Édouard Branly wa ku France n'kukonzedwanso ndi Oliver Lodge wa ku England. Iye anangolumikiza zonsezo mpaka belu linalira tsidya lina la chipinda, popanda waya pakati. Mayi ake ndi amene ankamulimbikitsa. Bambo ake poyamba ankaona ngati mwanayo akungowononga nthawi ndi ndalama.

Mu 1895 anatulutsa zipangizo zake panja, ndipo apa ndi pamene anapeza chinthu chimene chinasintha zonse. Atalumikiza mbali imodzi ya makina ake ku nthaka, mbali inayo ku chitsulo chokwezedwa m'mwamba pamtengo, mtunda unawonjezeka kwambiri. Akakweza, mafunde amapita patali. Tsiku lina anatuma anthu ndi chipangizo cholandirira kuseri kwa kaphiri, mtunda wa makilomita pafupifupi awiri, komwe samatha kuonana, atapangana kuti uthenga ukafika awombe mfuti. Anagogoda, n'kudikira. Mfuti inalira. Koma mwaona chimene chinandiseketsa pamenepa? Kuti zopanda waya zigwire ntchito, panafunika waya wautali wolozetsa kumwamba ndi wina wolowa pansi. Kuyambira tsiku loyamba waya anali asanachoke.

Tsopano muyenera kudziwa dziko limene mnyamatayu ankafuna kulowamo. Nthawi imeneyo mfumu inali telegalafu ya waya. Uthenga unkayenda ngati madontho ndi timizere ta Morse, munthu akugogoda kuno wina akulemba uko. Nthambo yoyamba yodutsa pansi pa nyanja ya Atlantic inaikidwa mu 1858 koma inafa patangotha milungu yochepa. Yokhalitsa inaikidwa mu 1866 ndi chisitima chachikulu chotchedwa Great Eastern. Pofika m'ma 1890 makampani a ku Britain anali atayala nthambo pansi pa nyanja kupita ku India, ku Australia ndi kuzungulira Africa, ndipo ankalipiritsa mawu alionse payekhapayekha, mtengo wokwera. Ngakhale kwathu kuno waya ameneyu anadutsa. Cecil Rhodes ankafuna telegalafu yochokera ku Cape mpaka ku Cairo, ndipo mzere wake unadzera ku Tete, Blantyre, n'kutsata m'mbali mwa nyanja mpaka ku Karonga, kenako kukafika ku Ujiji m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika. Mitengo yachitsulo ndi mikukutu ya waya zinkasenzedwa pamutu ndi anthu amtengatenga, ena mwa iwo makolo athu omwe. Ku Cairo mzerewo sunafike. Ganizirani thukuta lonselo, ndiye kubwere kamnyamata koti zonsezi n'zotheka popanda mtengo ndi umodzi womwe pakati.

Mu Febuluwale 1896 Marconi ndi mayi ake anapita ku London. Kumeneko ndi kumene kunali sitima zambiri, ndalama zambiri, ndi achibale a mayi ake odziwana ndi anthu akuluakulu. Pa 2 Juni chaka chomwecho anapempha chikalata chaumwini wa luso lake. Anakumana ndi William Preece, mkulu wa mainjiniya ku Post Office ya Britain, yemwe anamuthandiza kuonetsa makina ake kwa anthu ndi kwa asilikali pachigwa cha Salisbury. Mu Meyi 1897 uthenga unadutsa pamwamba pa madzi kuchokera pa kachilumba ka Flat Holm kufika ku Lavernock Point ku Wales, makilomita pafupifupi sikisi. Preece ankayembekeza kuti lusoli likhala la boma. Koma mu Julaye chaka chomwecho Marconi ndi msuweni wake Henry Jameson Davis anatsegula kampani yawoyawo. Ali ndi zaka 23 zokha anali kale mwini kampani. Mukamawerenga moyo wake mumaona kuti mutu wa bizinesi unali wakuthwa chimodzimodzi ndi mutu wa sayansi, mwinanso kuposa.

Ndipo nzeru yake ya bizinesi ndi imene inayamba kugwetsa mfundo zanga za ku kalabu. Sanayambe ndi kulimbana ndi waya pamtunda, pomwe waya ankagwira ntchito bwino kale. Anapita komwe waya sangafike. Sitima ikachoka padoko inkakhala ngati yasowa, osamva za kumtunda, kumtunda osamva za iyo, mpaka itafika kapena osafika. Simungamangirire nthambo kumbuyo kwa sitima ngati mbuzi. Choncho makasitomala ake oyamba anali asilikali apamadzi, nyumba zounikira sitima, ndi makampani a sitima zonyamula anthu. Mu Malichi 1899 anatumiza uthenga kudutsa nyanja yapakati pa France ndi England. Mu 1900 analembetsa njira yotchunira makina kuti awiri athe kulankhulana osasokonezedwa ndi ena, chikalata chake n'kukhala ndi nambala yosaiwalika, 7777. Kutchuna komwe timachita pawailesi kuja. Ndipo paja mawu akuti wailesi amene timatchula tsiku ndi tsiku anachokera ku mawu a Chingerezi otanthauza chinthu chopanda waya.

Atakhuta zazing'ono anafuna nyanja ya Atlantic yonse. Akatswiri ambiri ankati n'zosatheka, chifukwa mafundewa amayenda molunjika ngati kuwala pomwe dziko ndi lozungulira, ndiye akangopita patali adzalowera kumwamba osabwerera. Iye sanamvere. Anamanga siteshoni yamphamvu ku Poldhu, kum'mwera chakumadzulo kwa England, yokhala ndi milongoti 20 yozungulira. Mu Seputembala 1901 mphepo yamkuntho inagwetsa yonse. Ina imene anamanga ku Cape Cod ku America nayo inagwa patapita miyezi iwiri. Ndalama za eni kampani zinali zitapita, manyazi ali pakhomo. Anaimika mlongoti wongogwirizira ku Poldhu, iye n'kukwera sitima kupita ku St John's ku Newfoundland ndi omuthandiza awiri, atanyamula mabaluni ndi makaiti. Inde, makaiti, omwewa ana amathamanga nawo pabwalo. Baluni inaduka n'kuuluka. Kaiti yoyamba nayo inapita ndi mphepo. Pa 12 Disembala 1901, masana, pamwamba pa phiri la Signal Hill, kaiti ina itakweza waya wa mamita pafupifupi 150, Marconi anaika chomvera kukhutu ndipo anati wamva tigogodo titatu. Ndi chilembo S mu Morse, chimene anapangana kuti a ku Poldhu azitumiza mobwerezabwereza. Anapatsira George Kemp, womuthandiza, nayenso anati wamva. Mtunda wake makilomita pafupifupi 3,500.

Apa ndisakunamizeni, si onse anakhulupirira, ndipo mpaka lero akatswiri amatsutsanabe. Panalibe pepala lojambulapo uthengawo, panalibe mboni yapadera, anthu awiriwo ankadziwiratu chilembo chimene akuyembekeza, ndipo mphezi zakutali nazo zimagogoda m'makutu chimodzimodzi. Munthu ukafunitsitsa kumva chinthu, khutu limatha kukuthandiza. Marconi anaziona zokayikazo, ndipo mu Febuluwale 1902 anakwera sitima yotchedwa Philadelphia, akulandira mauthenga olembedwa pa tepi yapepala, woyendetsa sitima akusainira. Mauthenga omveka anafika pa mtunda wopitirira makilomita 2,000. Paulendowu anazindikiranso kuti usiku mafunde amafika kutali kwambiri kuposa masana. Chifukwa chake iye sanachidziwe. Chaka chomwecho Oliver Heaviside ndi Arthur Kennelly, aliyense payekha, anaganiza kuti kumwamba kwambiri kuli mpweya wokhala ndi magetsi umene umabweza mafunde pansi ngati kalilole, ndipo patapita zaka zinatsimikizika. Amene muli ndi agogo okonda kawailesi kakale mwina munaonapo kuti usiku kamakoka masiteshoni a maiko akutali amene masana sapezeka. Ndi zomwezo.

Amene sanadikire umboni ndi a kampani ya nthambo. Patangotha masiku ochepa chimvekereni nkhani ya chilembo S, kampani ya Anglo-American Telegraph, imene inali ndi chilolezo choti ndi yokhayo yoyendetsa mauthenga a telegalafu ku Newfoundland, inamulembera kalata yomuopseza kuti asiye apo ayi akaonana kukhoti. Kalata imeneyo inamuthandiza m'malo momupweteka, chifukwa anthu anati ngati eni nthambo achita mantha ndiye kuti mnyamatayu ali ndi kanthu. Boma la Canada linamuitana n'kumuthandiza ndalama zomangira siteshoni ku Glace Bay. Komabe zinatenga mpaka Okutobala 1907 kuti ntchito yotumiza mauthenga a anthu tsiku ndi tsiku iyambe pakati pa Clifden ku Ireland ndi Glace Bay, ndipo ngakhale pamenepo nthambo inali yodalirika kuposa iye. Nyengo ikaipa mauthenga ankabwerezedwa kangapo. Nthambo ili phee pansi pa nyanja, mvula siidziwa.

Pali kankhani kena ka mu 1903 kamene ndikufuna a kalabu akamve bwino. Marconi ankauza anthu kuti makina ake otchunidwa ndi achinsinsi, wina sangamvetsere kapena kulowerera. Mu Juni chaka chimenecho mnzake John Ambrose Fleming anakonza chionetsero ku Royal Institution ku London, anthu apamwamba atadzaza, kuyembekeza uthenga wa Marconi wochokera kutali. Nthawi isanakwane makina anayamba kugogoda okha, ndipo zimene ankalemba zinali mawu onyoza Marconi. Anali Nevil Maskelyne, katswiri wa masewero amatsenga amenenso ankadziwa za mafunde, yemwe kampani ina ya nthambo inkamugwiritsa ntchito yomvetsera mauthenga a Marconi. Anachita dala kuti asonyeze kuti chimene waponya mumlengalenga ndi cha aliyense amene ali ndi khutu. Kuti ube uthenga wa pawaya uyenera kukaugwira wayawo. Wa mumphepo umakupeza uli khale. Ndinakumbuka pomwepo kuti pasiwedi ya foni ya aphunzitsi ena inafalikira Fomu 2 yonse tsiku limodzi, bandulo n'kutha asanaigwiritse ntchito. Sinditchula maina.

Koma panyanja zopanda waya zinaonetsa mphamvu yake. Mu Januwale 1909 sitima ya Republic inagundana ndi ina mu nkhungu pafupi ndi gombe la America. Wogogoda mauthenga wake, Jack Binns, anaitana thandizo kwa maola ambiri ali m'kachipinda kophwanyika ndi kozizira, ndipo anthu oposa 1,500 anapulumutsidwa. Chaka chomwecho Marconi analandira mphoto ya Nobel ya Physics pamodzi ndi Karl Ferdinand Braun wa ku Germany. Munthu wopanda digiri.

Kenako Titanic. Ambiri mumaidziwa chifukwa cha filimu, koma filimu imathamangira zachikondi. Anyamata awiri amene anali m'chipinda cha mauthenga, Jack Phillips wa zaka 25 ndi Harold Bride wa zaka 22, anali olembedwa ntchito ndi kampani ya Marconi, ndipo ntchito imene inkabweretsa ndalama inali kutumiza mauthenga a anthu olemera okwera sitimayo. Usiku wa pa 14 Epulo 1912 Phillips anali ndi mulu wa mauthenga otere. Sitima ina yapafupi, Californian, inayesa kumuuza kuti yaima chifukwa yazingidwa ndi madzi oundana. Poti inali pafupi, kugogoda kwake kunamuboola m'makutu n'kuphimba siteshoni yakutali imene ankalankhula nayo, ndipo anaiuza kuti ikhale chete. Mlengalenga ndi umodzi, awiri akalankhula pamodzi wina ayenera kusiya. Wa pa Californian uja anali yekha, atagwira ntchito tsiku lonse, ndiye anazimitsa makina n'kukagona. Patangopita mphindi zochepa Titanic inagunda chimwala cha madzi oundana.

Kuitana kwawo kunamvedwa ndi Harold Cottam wa pa sitima ya Carpathia, amene naye anali pafupi kugona koma anali asanavule zomvera. Carpathia inali kutali, inathamanga usiku wonse n'kufika Titanic itamira kale, ndipo inatola anthu pafupifupi 700 m'mabwato. Ena pafupifupi 1,500 anafa, Phillips ali m'gulu lomwelo. Popanda makina a Marconi mwina sakanapulumuka ndi mmodzi yemwe. Komanso pakanakhala munthu wachiwiri wosinthana naye pa Californian, nkhani ikanatha kukhala ina. Pambuyo pake maiko anakhazikitsa malamulo oti sitima zikuluzikulu zizikhala ndi womvetsera usana ndi usiku. Marconi mwiniyo anali atapatsidwa malo aulere pa Titanic, koma anali atanyamuka kale pa sitima ya Lusitania. Chaka chomwecho, mu Seputembala, anachita ngozi yagalimoto ku Italy n'kutaya diso lakumanja.

Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itayamba mu Ogasiti 1914, chinthu chimodzi choyambirira chimene Britain inachita ndi kutumiza sitima kukavuula ndi kudula nthambo za Germany za pansi pa nyanja. Waya amadulika, ndipo akaduka wadukiratu. Ajeremani anakakamizika kudalira kwambiri mauthenga a mumlengalenga, Angerezi n'kumakhala pansi kumamvetsera ndi kumasula zinsinsi zawo. Apa sindinadziwe kuti ndisekere mbali iti.

Nkhondo itatha Marconi anagula sitima yakeyake n'kuitcha Elettra, ndipo inali nyumba yake komanso labu yake. Zaka zonsezi iye ndi anzake ankakhulupirira kuti kufika kutali kumafuna mafunde aataliatali, milongoti ikuluikulu ndi magetsi ochuluka. Ali pa Elettra, akugwira ntchito ndi injiniya wake Charles Franklin, anapeza kuti mafunde aafupi, akawalunjikitsa mbali imodzi ngati kuwala kwa tochi, amafika kutali ndi magetsi ochepa. Kunena zoona anavomereza kuti njira imene anaitsata zaka zoposa 20 sinali yabwino koposa, ndipo izi ndinamulemekeza nazo. Boma la Britain linagwirizana naye, ndipo njira yatsopanoyi inatsegulidwa kupita ku Canada mu 1926, kenako ku Australia, South Africa ndi India mu 1927. Inali yachangu ndiponso yotchipa. M'miyezi yochepa makampani a nthambo anataya gawo lalikulu la makasitomala, ena n'kuyamba kuganiza zotseka.

Ndinafika pamenepa ndikumwetulira, ndikuti eya, tapambana. Ndinatembenuza tsamba. Boma la Britain linakana kuti nthambo zife, chifukwa pankhondo uthenga wachinsinsi umafuna njira imene mdani sangaimvetsere, ndiponso mafunde aafupi amatha kuzimiririka mlengalenga mukasokonezeka. Mu 1928 kunachitika msonkhano wa maiko a ufumu wa Britain, ndipo mu 1929 ntchito yotumiza mauthenga ya kampani ya Marconi inaphatikizidwa ndi makampani a nthambo aja kukhala kampani imodzi. Mu 1934 inatchedwa Cable & Wireless, ndiye kuti nthambo ndi wopanda waya, dzina limodzi, ofesi imodzi. Adani a zaka 30 anawakwatitsa. Marconi sanakondwe nazo, ndipo kuyambira pamenepo mphamvu zake m'kampani imene inali ndi dzina lake zinachepa.

Pali mbali ina ya moyo wake imene buku la aphunzitsi linangoidutsa mothamanga, koma ine sindiidumpha. Mu 1923 Marconi analowa chipani cha Fascist cha Benito Mussolini. Sanamukakamize, ndipo sanali membala wongokhala kumbuyo. Mu 1930 Mussolini anamuika kukhala mkulu wa bungwe la akatswiri la Royal Academy of Italy, udindo umene unamulowetsanso mu khonsolo yaikulu ya chipanicho. Pa nthawi yonse imene anali mkulu, palibe Myuda amene analoledwa kulowa m'bungwemo. Ndipo mu 1935, Italy italowa ndi nkhondo mu Ethiopia, dziko la Africa limene linali lodzilamulira, nkhondo imene anagwiritsamo ntchito ngakhale mpweya wapoizoni, Marconi anaikira kumbuyo boma lake poyera, pawailesi yomweyo. A History mukudziwa zimene zinawachitikira anthu a Haile Selassie. Ine monga mwana wa mu Africa zinandiwawa. Dzanja lomwe linapulumutsa anthu a pa Carpathia ndi lomwelo linkaombera m'manja Mussolini. Sindikudziwa kuti ndizigwirizanitse bwanji, ndangozisiya zonse ziwiri papepala.

Zapabanja ndingodutsamo. Anakwatira Beatrice O'Brien mu 1905, ukwati unatha mu 1924, ndipo mu 1927 anakwatira Maria Cristina Bezzi-Scali. Mwana wawo wamkazi anamutcha Elettra, dzina la sitima ija. Mu 1931 anamangira Papa Pius XI wailesi ya Vatican, imene ikuulutsabe mawu mpaka lero. Mtima unayamba kumuvuta, ndipo anamwalira ku Rome pa 20 Julaye 1937 ali ndi zaka 63. Tsiku lotsatira masiteshoni ambiri a wailesi anakhala chete kwa mphindi ziwiri pomulemekeza. Patapita zaka sikisi, mu 1943, khoti lalikulu la ku America linagamula kuti zina zimene analembetsa kumeneko zokhudza kutchuna zinali zitapezedwa kale ndi Oliver Lodge, Nikola Tesla ndi John Stone Stone. Ku Russia amatchula Alexander Popov, ku India amatchula Jagadish Chandra Bose, ndipo onsewa anagwiradi ntchito pa mafunde omwewa nthawi imodzimodzi. Ndiye pamayeso mukalemba kuti Marconi anatulukira wailesi mwina mupatsidwa malikisi, koma dziwani kuti anali ambiri. Chake chenicheni chinali kuuma mutu, kusonkhanitsa zidutswa za ena, ndi kuzisandutsa ntchito imene anthu angalipire.

Nditabweza bukulo ndinafunsa aphunzitsi kuti nanga lero wapambana ndani. Anandiuza kuti nditsate uthenga wanga wa pa WhatsApp ukamapita kwa achimwene anga ku Johannesburg. Kuchokera pafoni kufika pa nsanja ya netiweki umayenda mumlengalenga, mwina kilomita imodzi kapena zingapo. Ukapitirira apo, mtunda waukulu umayenda mu nthambo za faiba, timaulusi tagalasi tonyamula kuwala. Pafupifupi intaneti yonse yodutsa pakati pa makontinenti imadzera mu nthambo za pansi pa nyanja, monga SEACOM imene inayamba ntchito mu 2009 ndi EASSy mu 2010, zimene zimatulukira kumtunda ku Dar es Salaam ndi ku Maputo. Ife poti tilibe gombe la nyanja yamchere, timakoka kudzera kwa aneba athu. N'chifukwa chake nthambo ikaduka kutali kumeneko, kuno timangoona kachizindikiro kakuzungulira pafoni n'kumatukwana foniyo. Ngakhale rauta imene ndinkaikuwira ija, mukaitembenuza kumbuyo mupeza mabowo olowetsamo nthambo.

Ndiye Lachisanu ku kalabu ndikayankhula zosiyana ndi zija, ndipo amene mukufuna kundiseka bwerani msanga mupeze malo. Makompyuta athu khumi ndi apatebulo, sayenda, si sitima. Ambiri alibe n'komwe kachipangizo kokokera Wi-Fi, tikanayenera kugulira iliyonse kake, ndipo tinthu tating'ono totere timalowa m'thumba mosavuta. Onse khumi akamakoka fayilo imodzi nthawi imodzi pa rauta imodzi, azidikirana mlengalenga ngati Phillips ndi mnzake wa pa Californian, pomwe pa nthambo aliyense ali ndi njira yake. Nthambo yakopa ya netiweki imagwira bwino mpaka mamita 100, ndipo chipinda chathu tinachiyeza ndi chingwe cha pa bwalo la netibo, kutalika kwake sikufika ngakhale mamita 12. Wi-Fi ikhalepo ndithu, koma ya laputopu ya aphunzitsi ndi mafoni a ku stafu, zinthu zimene zimayendadi, ndipo pasiwedi isalembedwe pachoko.

Chimene sindinachipezere yankho ndi makoswe. Mnzanga wa Fomu 4 amene ankatsogolera mbali ya mawaya uja anakwera kudenga Lolemba kukaona modutsa nthambo, ndipo anatsika ndi chidutswa cha waya wamagetsi chodyedwa mpaka mkuwa kuonekera. Akuti tifunika mapaipi apulasitiki obisamo nthambozo, ndipo mtengo wake sunali pa bajeti imene tinapereka ku komiti. Amene kwanu kuli mapaipi otsala pomanga, kapena mphaka wanjala, mundipeze ku Fomu 3 isanafike Lachisanu.